Madamu a M'cipululu: Cimene Cinaononga Derna ndi Cimene Cisunga Las Vegas

USIKU wa pa 10 September 2023, anthu a mumzinda wa Derna, m'dziko la Libya, anagona podziwa kuti kumtunda kwa mzinda wao kuli madamu awiri amene anamangidwa kuti awateteze ku cigumula. Kusanace madamu onse awiri anagumuka. Madzi anatsika ndi khwawa limene lipita pakati pa mzindawo, nakokolola nyumba, misewu, maulalo ndi anthu, kupita nazo m'nyanja ya Mediterranean. Akufa amene anawerengedwa anaposa 4,000, ndipo anthu ena zikwi zambiri sanaonekenso.

Pasanathe caka, mu August 2024, damu la Arbaat m'dziko la Sudan nalonso linagumuka. Damuli ndilo linali kupatsa madzi akumwa ku mzinda wa Port Sudan. Bungwe la United Nations linanena kuti midzi yokwanira 20 inaonongeka ndipo anthu osacepera 30 anafa.

Maiko awiriwa ndi a mvula yocepa, ndipo mbali yaikulu ya nthaka yao ndi cipululu. Motero anthu ambiri anayamba kufunsa ngati kumanga madamu m'malo otere n'kwanzeru. Mbiri ya mizinda ina ya m'cipululu ionetsa kuti madamu amapulumutsadi miyoyo. Koma damu limateteza anthu pa nthawi yokhayo imene lisamalidwa. Likasiyidwa, limasonkhanitsa madzi amene akanadutsa pang'onopang'ono, n'kuwakhuthulira pa anthu nthawi imodzi.

CIFUKWA CAKE CIPULULU CIMASEFUKIRA

Mlimi wa ku Katete kapena ku Lundazi, kumene mvula imagwa miyezi inai kapena isanu, angadabwe kumva kuti anthu amamira m'cipululu. Zifukwa zake ndi zosavuta kumva. Nthaka ya m'cipululu ilibe udzu ndi mitengo yokwanira kugwira madzi. Malo ambiri ndi matanthwe, kapena dothi louma lolimba ngati bwalo lopunthirapo mapira. Ndiponso mvula ya kumeneko sibwera mwa dongosolo. Pangapite miyezi yambiri popanda dontho, kenaka mvula ya caka conse n'kukhuthuka m'maola ocepa. Popeza madziwo alephera kulowa pansi, amathamangira onse m'makwawa ouma, amene m'Ciarabu achedwa wadi, atanyamula mcenga, miyala ndi zitsa.

Anthu a m'cigwa ca Luangwa adziwa mitsinje ya mcenga imene munthu amaoloka ndi mapazi ouma m'mawa, n'kuipeza yadzala madzulo, ngakhale kuti pamalopo sipanagwe mvula. Madziwo amakhala acokera kumapiri akutali. Makwawa a m'cipululu amacita cimodzimodzi, koma mwamphamvu koposa. Akatswiri amanena kuti madzi othamanga ozama masentimita 15 okha angagwetse munthu wamkulu, ndipo a masentimita 60 angakokolole galimoto.

Pa 25 January 1981 tauni ya Laingsburg, imene ili m'dera louma la Karoo ku South Africa, inaona zimenezi. Mtsinje wa Buffels unasefukira, anthu 104 anafa, ndipo nyumba zimene zinatsala ciimire zinali 21 cabe. Ku Jeddah, m'dziko la Saudi Arabia, cigumula ca mu November 2009 cinapha anthu oposa 120. Coopsa cacikulu m'malo otere n'cakuti zaka zambiri za cilala zimaiwalitsa anthu, kotero kuti amamanga nyumba ndi masitolo m'khwawa mwenimweni. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa.

MADAMU A MITUNDU IWIRI

Damu limene anthu ambiri alidziwa ndi losunga madzi akumwa, othirira mbeu ndi omwetsa ziweto. Mwini wa damu lotere amakondwa likadzala. Damu loletsa cigumula nchito yake ndi ina. Ilo liyenera kukhala ndi malo opanda kanthu, kuti cimvula cikagwa madzi apeze pokhala. Dengu lodzala kale silingalandire cimanga cina.

Pamene damu limodzi lipatsidwa nchito ziwirizi, pamabuka mkangano. Citsanzo ndi damu la Hardap pa mtsinje wa Fish m'dziko la Namibia, limene limathirira minda ya pafupi ndi tauni ya Mariental. Mu February 2006 madzi anaculuka kotero kuti oyang'anira damulo anatsegula zitseko zake, ndipo mbali yaikulu ya tauniyo inamira. Pambuyo pake kunaikidwa malire akuti damulo lisamadzazidwe kupitirira magawo 70 mwa magawo 100. Kwa alimi othirira, malirewo anatanthauza madzi ocepa m'zaka za cilala. Kwa okhala m'tauni, anatanthauza kugona mtima uli m'malo.

Pofuna kupewa mkangano wotere, mainjiniya m'maiko ena amakumba maiwe ouma. Dziwe louma ndi cidzenje cacikulu, nthawi zina coposa mabwalo a mpira khumi, cimene cimakumbidwa m'munsi mwa phiri pamene khwawa litulukira, ndi kuchingidwa ndi cipupa ca dothi kapena ca simenti. Pansi pa cipupaco amasiya khomo laling'ono limene silitsekedwa. Cigumula cikafika cimadzala m'dziwemo, mcenga ndi miyala zimakhazikika pansi, ndipo madzi amatuluka pa khomo lija mwa muyeso umene ngalande za mumzinda zingathe kunyamula. Madzi amene akanadutsa mu ola limodzi amatuluka kwa tsiku lathunthu kapena masiku angapo. Pamwamba pa cipupa pamakhalanso potayira madzi, pomangidwa molimba, kuti dziwe likadzala kopitirira madzi asadye cipupaco. Nyengo ikatha dziwelo limaumanso ndi kuyembekezera cigumula cina.

Dziko la Oman linaonjezera nzeru ina. Kuyambira m'caka ca 1985, pamene linatsiriza damu la Al Khoud pafupi ndi likulu la Muscat, lakhala likumanga madamu amene amagwira cigumula kwa masiku ocepa ndi kucimasula pang'onopang'ono kuti cilowe mumcenga. Madzi amene akanathawira kunyanja amatsikira pansi ndi kudzaza zitsime.

ZIMENE ZINACITIKA KU DERNA

Mzinda wa Derna uli m'mphepete mwa nyanja, m'munsi mwa mapiri a Jebel Akhdar, ndipo unali ndi anthu pafupifupi 100,000. Khwawa lake limakhala louma miyezi yambiri, koma linasefukira kangapo m'mbuyomu, makamaka mu 1959. Cifukwa ca ici Boma la Libya linaitana kampani ya ku Yugoslavia, imene inamanga madamu awiri pakati pa 1973 ndi 1977. Onse anali a miyala ndi dongo. Lakumtunda, lochedwa Abu Mansour, linali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 14 kucokera mumzinda, lalitali mamita oposa 70, ndipo linali kulowa madzi okwanira makyubiki mita 22.5 miliyoni. Kyubiki mita imodzi ndi madiramu pafupifupi asanu, motero madziwo ndi madiramu oposa 100 miliyoni. Laciwiri, laling'ono, linali pakhomo penipeni pa mzinda, ndipo linali kulowa makyubiki mita 1.5 miliyoni.

Madamuwa anagwira nchito yake. Mu 1986 kunabwera cigumula cacikulu ndipo anacigwira. Anthu anakhulupirira kuti vuto latha, namanga nyumba zosanja m'mbali zonse za khwawa.

Malinga ndi mkulu wa ozenga milandu m'Boma la Libya, ming'alu inaoneka m'madamuwo kuyambira mu 1998. Mu 2007 kampani ya ku Turkey inapatsidwa nchito yowakonza. Mu 2011 kunabuka nkhondo imene inagwetsa Muammar Gaddafi, ndipo m'zaka zotsatira dzikolo linagawanika pakati pa maboma awiri, lina kumadzulo ndi lina kum'mawa. Mzinda wa Derna weniweniwo unalamulidwa ndi magulu a zida osiyanasiyana. Mu 2021 ofesi yofufuza za ndalama za Boma inalemba kuti madamuwo sanakonzedwe, ngakhale kuti ndalama zoposa madola 2 miliyoni zinapatulidwa kaamba ka nchitoyo mu 2012 ndi 2013. Mu 2022 katswiri wa za madzi pa Yunivesite ya Omar al-Mukhtar, Abdelwanees Ashoor, anasindikiza cenjezo lakuti ngati madamuwo sakonzedwa, cigumula cacikulu cidzabweretsa tsoka kwa okhala m'khwawamo ndi mumzinda. Cenjezolo silinasinthe kanthu.

Namondwe wochedwa Daniel atafika, mvula inagwa yosaneneka. Mumzinda wa Al Bayda, m'mapiri omwewo, munagwa mamilimita oposa 400 m'tsiku limodzi. Ku Chipata mvula ya caka conse imakhala pafupifupi mamilimita 1,000. Damu lakumtunda linadzala n'kugumuka, ndipo madzi ake anakankha laling'ono lija. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anai a mzindawo linaonongeka, anthu ali m'tulo.

Mvulayo inali yoposa imene omanga anaiyembekezera, ndipo nyumba zikanaonongeka ndithu. Koma imfa za anthu oculuka cotero zinali zopeweka. Mkulu wa bungwe la zanyengo la dziko lonse pa nthawiyo, Petteri Taalas, ananena kuti ambiri mwa akufawo akanapulumuka cikhala kuti ofesi ya zanyengo inali kugwira nchito bwino ndipo anthu anasamutsidwa msanga. Mu July 2024 bwalo la milandu ku Derna linagamula kuti akuluakulu 12 apite kundende, ena zaka 9, ena mpaka zaka 27. Ciweruzoco cinatsimikiza kuti mlandu sunali wa mvula yokha.

Ku Arbaat nakonso damu linagumuka dziko lili pa nkhondo, imene inayamba mu April 2023. Pamene asilikari amenyana, amene amayendera zipupa ndi kucotsa matope samapezeka.

NJIRA YA ANTHU A KU LAS VEGAS

Mzinda wa Las Vegas uli m'cipululu ca Mojave, m'cigawo ca Nevada ku America. Pa caka umalandira mvula yongopitirira pang'ono mamilimita 100. Wazingidwa ndi mapiri, ndipo madzi onse a m'mapirimo amadutsa mumzinda popita ku nyanja ya Mead. Mu July 1975 cigumula cinakokolola magalimoto mazana pabwalo la hotela ya Caesars Palace. M'zaka zotsatira zigumula zina zinapha anthu ndi kuononga katundu, mzindawo ukukulirakulira.

Mu 1985 Nyumba ya Malamulo ya Nevada inalola kukhazikitsidwa kwa bungwe limodzi loyang'anira za zigumula m'dera lonse la Clark County, mmene muli Las Vegas ndi matauni oyandikana nao. Cifukwa cake cinali cakuti madzi sadziwa malire a khonsolo: tauni ina ikakumba ngalande payokha, imangokankhira cigumula kwa anansi ake akumunsi. Mu 1986 anthu anaponya voti kuvomereza msonkho wapadera. Munthu akagula katundu wa madola 100, masenti 25 amapita ku nchito ya zigumula. Ndalamazo sizidikira cifundo ca nduna kapena cilengezo ca tsoka. Zimalowa tsiku ndi tsiku, kaya mvula yagwa kaya siinagwe.

Ndi msonkho umenewu deralo lamanga maiwe ouma oposa 100, ndi ngalande zimene utali wake wonse uposa makilomita 1,000. Mapulani a nchitoyi amaunikidwanso zaka zisanu zilizonse, popeza msewu uliwonse watsopano ndi denga lililonse zimaonjezera madzi othamanga. M'mapiri ndi m'makwawa anaikamo makina oyesa mvula ndi kuya kwa madzi, amene amatumiza uthenga ku ofesi nthawi yomweyo. Mvula ikatha, anchito amalowa m'maiwe ndi mathirakitala kucotsa mcenga ndi zinyalala. Maiwe ena anawasandutsa mabwalo a masewera, kotero kuti malowo ali ndi nchito ngakhale m'cilimwe, ndipo palibe amene angamangepo nyumba.

Nchitoyi siinathetse ngozi zonse. Pa 8 July 1999, pamene maiwe ambiri anali asanamangidwe, cigumula cinapha anthu awiri ndi kuononga nyumba mazana. Mu 2022 madzi analowa m'nyumba zina zochovera njuga pakati pa mzinda. Anthu osowa pokhala, amene amagona m'ngalande za pansi pa misewu, amakokololedwa mvula ikagwa mwadzidzidzi. Komabe dera limene tsopano lili ndi anthu oposa 2 miliyoni limalandira zimvula zamphamvu popanda kuona tsoka longa la ku Derna.

KODI KUSIYANA NDI NDALAMA?

Ena anganene kuti America ndi dziko lolemera, motero kuyerekeza mizinda iwiriyi n'kosayenera. Mfundoyi ili ndi coonadi cake, pakuti simenti ndi makina zifuna ndalama zambiri. Koma Libya si dziko losauka. Pansi pa nthaka yake pali mafuta oculuka kuposa a dziko lina lililonse mu Africa, ndipo ndalama zokonzera madamu a Derna zinapatulidwa. Cimene cinasowa ndi ofesi yokhazikika imene inayenera kuyankha za madamuwo caka ndi caka, ndi kumvera katswiri akacenjeza.

Kumanga damu kumabweretsa ulemu. Pamakhala mwambo, nduna imadula riboni, ndipo zithunzi zimatuluka m'manyuzipepala. Kutseka mng'alu ndi kufukula matope kulibe mwambo, ndipo phindu lake silioneka, popeza tsoka limene lapewedwa palibe amene amaliona. M'cipululu vutoli limakula, cifukwa damu lingakhale zaka makumi awiri osayesedwa, ndipo amene apempha ndalama zolikonzera amaoneka ngati ofuna kuononga cuma ca dziko.

Mbiri ya mzinda wakale wa Petra, m'dziko la Jordan, ionetsa kuti vutoli si la lero. Zaka pafupifupi 2,000 zapitazo anthu a mtundu wa Nabataea anachinga khomo la mpata wopapatiza wolowera mumzinda wao, naboola njira m'thanthwe kuti cigumula cipatukire kwina. Mzindawo utasiyidwa, cipupaco cinagwa ndipo madzi anabwerera m'njira yao yakale. Mu 1963 cigumula cinapha alendo oposa 20 mumpata womwewo, ambiri a iwo a ku France. Pamenepo Boma la Jordan linamanganso cipupa pamalo amene akale aja anasankha.

Palinso nkhani ya kusintha kwa nyengo. Akatswiri amene anafufuza za namondwe Daniel anapeza kuti kutentha kwa dziko kunacititsa mvula yotere kukhala yosavuta kubwera ndiponso yamphamvu kuposa kale. Mu April 2024 malo ena m'dziko la United Arab Emirates analandira mamilimita oposa 250 m'tsiku limodzi, mvula imene siinaonekepo m'zaka 75 za kulemba ziwerengero kumeneko, ndipo bwalo la ndeke la Dubai linadzala madzi. Damu limene linayesedwa molingana ndi mvula ya m'ma 1970 liyenera kuyesedwanso, ndipo ngati potayira pake pacepa, pakulitsidwe.

PHUNZIRO KWA ENI MADAMU A KUMIDZI

Zambia si cipululu, koma miyezi isanu ndi iwiri ya cilimwe imaumitsa makwawa, ndipo m'zigawo za Kum'mawa ndi Kum'mwera muli madamu a dothi ambiri, ena a iwo omangidwa ufulu usanabwere. Mu December 2020 damu la Kandesha ku Mumbwa linaphulika, ndipo mabanja ambiri anataya nyumba zao. Kumbali ina, damu la Kariba lionetsa kuti cenjezo lingamvedwe nthawi ikalipo. Mainjiniya ataona kuti madzi ogwa kucokera m'zitseko akumba dzenje lakuya m'munsi mwa cipupa, maiko a Zambia ndi Zimbabwe anayamba kulikonza mu 2017, ndipo mbali imeneyi ya nchito inatha mu 2024.

Zimene zimagwetsa damu la m'mudzi ndi zooneka ndi maso. Mitengo yomera pa cipupa imalowetsa mizu imene ikaola imasiya njira ya madzi. Ciswe ndi mbewa zimaboola mkati. Ng'ombe zikamadutsa malo amodzi zimakumba mkwaso umene madzi adzatsata. Minda ya m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje imatsitsira dothi m'damu, kotero kuti malo a madzi amacepa caka ndi caka. Coopsa koposa ndi kutseka potayira ndi matumba a mcenga pofuna kusunga madzi ambiri a m'cilimwe, pakuti madzi akasowa potulukira amakwera pamwamba pa cipupa ndi kucidya. Madzi amatope otuluka kuseri kwa cipupa ndi cizindikiro cakuti dothi lili kucoka mkati, ndipo nkhani yotere iyenera kufika kwa mfumu ndi kwa a za madzi ku boma tsiku lomwelo.

Mwezi wa September ndi wa October, madzi atatsika, ndiyo nthawi yoyendera cipupa, kudula zitsamba ndi kuyeretsa potayira. Ndi bwinonso kuti a m'midzi ya kumunsi kwa damu agwirizane pasadakhale za citunda cothawirako ndi za munthu woimba belu kapena ng'oma usiku, popeza cakudza siciimba ng'oma. Damu la Abu Mansour linali lalitali mamita oposa 70, ndipo la m'mudzi lingakhale la mamita asanu, koma funso limene liyenera kuyankhidwa pa onse awiri ndi limodzi: dzina la munthu kapena komiti imene iyendera cipupaco mvula isanayambe, ndi thumba limene mucokera ndalama zokonzera.